Brexit: chaka chimene aphungu a ku Britain anakana njira iliyonse

Usiku wa pa 15 Januwale 2019, aphungu a Nyumba ya Malamulo ya ku Britain ananyamuka pa mabenchi awo obiriwira kupita kukavota. Kumeneko savota podina batani kapena poitanidwa maina mmodzimmodzi. Belu likalira, phungu amayenda wapansi n'kukalowa m'chimodzi mwa zipinda ziwiri zazitali zimene zili m'mbali mwa nyumbayo, china cha ovomera, china cha okana, ndipo amamuwerenga akamatuluka pakhomo. Aliyense amaona amene walowa naye.

Usiku umenewo m'chipinda cha okana anthu anachita kuthithikana. Munali a Boris Johnson ndi a Jacob Rees-Mogg, amene ankafuna kuti dziko lawo lituluke mu mgwirizano wa maiko a ku Ulaya wa EU msanga ndiponso kotheratu; kutulukako ndiko kumatchedwa Brexit. Munalinso aphungu a ku Scotland ndi a chipani cha Liberal Democrats, amene kutulukako sankakufuna n'komwe. Atawerenga, okana anali 432, ovomera 202. Pangano lotulukira mu EU limene nduna yaikulu, mayi Theresa May, anavutika nalo kwa chaka ndi theka linagwa ndi mavoti 230, kugonja kumene boma la Britain silinakuonepo m'mbiri ya masiku ano ya nyumbayo. Mwa okanawo, 118 anali a chipani chawo chomwe cha Conservative.

Ena anakana panganoli chifukwa ankati silikuwatulutsa mokwanira, ena chifukwa likuwatulutsa. Gulu lililonse linatuluka m'chipindamo likukhulupirira kuti panganoli likafa, chotsatira chidzakhala chimene ilo likufuna. Sizikanatheka kuti onse akhale olondola, koma zinatenga miyezi 11 kuti adziwe amene wadzinamiza.

Britain inalowa mu mgwirizanowu mochedwa, pa 1 Januwale 1973, pulezidenti wa France, a Charles de Gaulle, atawatsekera khomo kawiri, mu 1963 ndi mu 1967. Mu 1975 anthu anafunsidwa ngati akufuna kukhalamobe, ndipo awiri mwa atatu alionse anavomera. Nthawi imeneyo mgwirizanowu unali makamaka wa malonda. Pangano la Maastricht la 1992 linaukuza n'kukhala wokhudza ndalama imodzi, unzika ndi ndale, ndipo kuyambira pamenepo chipani cha Conservative sichinagonenso tulo pa nkhaniyi. Mu 2004 maiko khumi analowa mu EU, ambiri a kum'mawa kwa Ulaya monga Poland, ndipo Britain inatsegula khomo la ntchito kwa anthu awo nthawi yomweyo. Anabwera ambiri kuposa amene boma linkayembekezera. A Nigel Farage ndi chipani chawo cha UKIP analumikiza nkhani ya obwerawo ndi nkhani ya EU, ndipo mu 2014 anapambana chisankho cha aphungu opita ku nyumba ya malamulo ya EU. Nduna yaikulu ya nthawiyo, a David Cameron, poopa kuti chipani chawo cha Conservative chigawanika, anali atalonjeza kale mu Januwale 2013 kuti adzachititsa riferendamu. Iwo ankafuna kukhalabe mu EU ndipo ankakhulupirira kuti apambana.

Pa 23 Juni 2016, anthu 17.4 miliyoni anavotera kutuluka, 16.1 miliyoni kukhalabe: 52 peresenti ndi 48 peresenti. Mwa ovotawo munali Amalawi, Azambia ndi nzika zina za maiko a Commonwealth zokhala ku Britain movomerezeka, pamene Mfalansa kapena Mpolishi amene anakhalako zaka makumi awiri analibe voti, ngakhale kuti nkhaniyo inkakhudza moyo wake wonse. England ndi Wales anasankha kutuluka. Scotland inakana ndi 62 peresenti, Northern Ireland ndi pafupifupi 56 peresenti, ndipo mzinda wa London nawonso unakana. Achinyamata ndi anthu amene anafika ku yunivesite anavotera kwambiri kukhalabe; achikulire ndi anthu a m'matauni amene migodi ya malasha ndi mafakitale zinatsekedwa kalekale anavotera kutuluka. Ambiri mwa iwo ankalanga Brussels, likulu la EU, ndi London nthawi imodzi, ndipo sitinganene kuti mkwiyo wawo unalibe chifukwa. Mawu a kampeni yotuluka, akuti titengenso ulamuliro wathu, anawafika pamtima. Basi yofiira imene inkazungulira dzikolo inalembedwa kuti Britain imatumiza mapaundi 350 miliyoni ku EU sabata iliyonse, ndalama zoti zikanapita kuzipatala za boma. Bungwe loyang'anira ziwerengero za boma linanena poyera kuti nambalayo inali yosocheretsa, poti sinachotserepo ndalama zimene Britain inkabwezeredwa, koma basiyo inapitiriza kuyenda.

Patatsala sabata imodzi kuti avote, phungu wa Labour, mayi Jo Cox, wazaka 41 ndiponso mayi wa ana awiri, anaomberedwa ndi kubayidwa mumsewu ku Birstall akupita kukakumana ndi anthu a m'dera lawo. Wowaphayo anali munthu wa maganizo a tsankho la mtundu, ndipo ankakuwa kuti Britain ikhale patsogolo. Dzina la mayiwa lidzabweranso m'nkhaniyi.

Vuto loyamba linali pa pepala lovoteralo. Amalawi amene anavota pa 14 Juni 1993 akukumbukira nyali ndi tambala wakuda: wosankha nyali ankadziwa kuti akufuna zipani zambiri, ndipo chisanathe chaka chisankho cha zipani zambiri chinachitika. Pepala la ku Britain linafunsa za kutuluka kapena kukhala, koma silinafunse kuti mukatuluka mulowera kuti. Ndipo njira zinalipo zingapo, zosiyana kutalitali. Norway sili mu EU koma ili mu msika umodzi wa Ulaya, mmene katundu, ntchito, ndalama ndi anthu zimayenda momasuka. Pobwezera imatsatira malamulo amene sinawavotere ndipo imalipira. Turkey ili mu mgwirizano wa kasitomu ndi EU pa katundu wambiri, kutanthauza kuti pakati pawo salipiritsana msonkho koma kwa maiko akunja amalipiritsa msonkho wofanana. Canada ili ndi pangano la malonda basi. Inaliponso njira yongotuluka popanda pangano lililonse. Anthu 17.4 miliyoni aja anagwirizana pa khomo lotulukira, koma kuseri kwa khomolo aliyense ankaona msewu wake.

Vuto lachiwiri linali lakuya kuposa pamenepo. Britain ilibe buku limodzi la malamulo aakulu a dziko monga lilili ku Malawi kapena ku Zambia. Mwambo wawo umati Nyumba ya Malamulo ndiyo ili pamwamba, ndipo nduna yaikulu sisankhidwa ndi anthu mwachindunji: imalamulira pokhapokha aphungu ambiri akadali kumbuyo kwake. Mwalamulo, riferendamu ija inali yongopereka malangizo. Koma boma linali litatumiza kapepala kunyumba iliyonse kolonjeza kuti lidzachita chimene anthu asankhe. Pamenepo m'dziko munakhala mafumu awiri. Pafupifupi aphungu atatu mwa anayi alionse ankafuna kukhalabe mu EU, koma madera ambiri amene ankawaimira anavotera kutuluka. Phungu amvere ndani, chikumbumtima chake, chipani chake, kapena anthu a kwawo? Pa nkhani zina mafunso atatuwa amakhala ndi yankho limodzi. Pa Brexit, phungu mmodzi ankatha kukhala ndi mayankho atatu.

A Cameron atatula pansi udindo, mayi May, amene nawonso anali kumbali yokhalabe, analowa pa 13 Julayi 2016. Ankafuna kuyamba okha ndondomeko yotulukira popanda kufunsa aphungu, koma mayi Gina Miller anakasuma kukhothi n'kupambana. Mawa lake nyuzipepala ya Daily Mail inaika zithunzi za majaji atatuwo patsamba loyamba n'kuwatcha adani a anthu. Majajiwo sanaletse Brexit. Anangoti Nyumba ya Malamulo ndiyo ivomereze. Ndipo inavomerezadi, aphungu 498 kwa 114. Pa 29 Malichi 2017 kalata inapita ku Brussels pansi pa Gawo 50 la pangano la EU, limene limapereka zaka ziwiri zokha zokambirana. Apa ndi pamene ine ndimaona kulakwa kwakukulu: anayambitsa wotchi asanagwirizane kwawo za kumene akupita. Dziko logawanika 52 kwa 48 linkafunika nduna yaikulu yoitana zipani zonse pamphasa imodzi kuyambira pachiyambi. M'malo mwake mayi May, pofuna kutsimikizira okayikira a m'chipani chawo kuti atembenukadi mtima, analengeza mu Januwale 2017 kuti Britain ituluka mu msika umodzi, idzapanga yokha mapangano a malonda ndi maiko ena, ithetsa kulowa momasuka kwa anthu a ku Ulaya, ndipo sidzamveranso khothi la EU. Kenako anaitanitsa chisankho cha pa 8 Juni 2017 kuti achulukitse aphungu awo, koma anawachepetsa. Mwa mipando 650 anatsala ndi 317, ndipo kuti alamulire anadalira aphungu khumi a chipani cha DUP cha ku Northern Ireland, chofuna kuti deralo likhalebe pansi pa Britain.

Pa zipani zonse zimene akanadalira, ichi chinali chokhudzidwa kwambiri ndi mfundo imene inamanga chilichonse.

Chilumba cha Ireland chili ndi maiko awiri. Kum'mwera kuli Republic of Ireland, dziko loima palokha ndiponso membala wa EU. Kumpoto kuli Northern Ireland, gawo la United Kingdom. Malire ake ndi makilomita pafupifupi 500, odulidwa ndi misewu yoposa 200, ndipo m'malo ena amadutsa pakati pa munda wa munthu mmodzi. Kwa zaka pafupifupi makumi atatu kumpotoko kunali nkhondo pakati pa ofuna kukhala pansi pa Britain, ambiri a iwo Apolotesitanti, ofuna Ireland mmodzi, ambiri a iwo Akatolika, ndi asilikali a Britain. Anthu oposa 3,500 anafa. Pangano la mtendere la pa 10 Epulo 1998, Lachisanu Loyera, linatheka mwa zina chifukwa maiko onse awiri anali mu EU: nsanja za asilikali zitachoka, panalibenso chifukwa choimitsira galimoto. Mkaka wokamidwa kumpoto unkapita kukakonzedwa kum'mwera, munthu ankagona mbali ino n'kumagwira ntchito mbali inayo, ndipo chokudziwitsa kuti wawoloka chinali zikwangwani za liwiro zosintha kuchoka pa mamailosi kupita pa makilomita. Wodzitcha Mwairishi ankatha kukhala ngati malire kulibe, wodzitcha Mbritishi n'kukhalabe pansi pa mfumukazi yake.

Tsopano Britain ikatuluka mu msika umodzi ndi mu mgwirizano wa kasitomu, katundu ayenera kuyenderedwa penapake. Mukaika chipata pamtunda, mwadzutsa zakale, ndipo apolisi a kumeneko anachenjeza kuti nyumba ya kasitomu iliyonse idzakhala chandamale cha zigawenga. Mukachiika panyanja, pakati pa Northern Ireland ndi Britain yense, a DUP amati mwawadula ku dziko lawo. Mukakana zonse ziwiri, ndiye kuti dziko lonse likhalebe pafupi ndi malamulo a EU, chimene ofuna kutuluka kotheratu ankati si Brexit. Mayi May analonjeza zinthu zitatu: palibe chipata pamtunda, palibe chipata panyanja, ndipo tituluka mu zonse. Ziwiri zilizonse mwa zitatuzi zinali zotheka. Zitatu zonse pamodzi ayi.

Yankho limene anagwirizana ndi EU linkatchedwa backstop, ngati chikole chosungira mtendere. Linkati ngati njira ina siipezeka, United Kingdom yonse idzakhalabe m'dera limodzi la kasitomu ndi EU, Northern Ireland idzatsatiranso malamulo ena oonjezera a msika umodzi, ndipo Britain singachokemo payokha popanda EU kuvomera. Mfundo yomalizayi ndi imene inakwiyitsa anthu. Ofuna kutuluka anati ndi msampha wopanda khomo. A DUP anati ikusiyanitsa dera lawo ndi dziko lonse. Chodabwitsa n'chakuti anthu ambiri a ku Northern Ireland anavotera kukhalabe mu EU, koma mawu awo sankamveka kwenikweni m'nyumbamo, chifukwa aphungu asanu ndi awiri a Sinn Féin, chipani chofuna Ireland mmodzi, sankakhala pa mipando yawo m'Nyumba ya Malamulo ya ku London pokana kulumbira m'dzina la mfumukazi.

Nduna zinayamba kuyoyoka. Mu Julayi 2018 a David Davis, nduna yoona za Brexit, ndi a Johnson, nduna ya zakunja, anatula pansi maudindo. Amene analowa m'malo mwa a Davis, a Dominic Raab, nawonso anachoka mu Novembala pokana pangano la masamba 585 limene unduna wawo womwe unali nalo pafupi. Pa 10 Disembala mayi May ataimitsa voti poona kuti agonja, phungu wa Labour, a Lloyd Russell-Moyle, anapita patebulo n'kunyamula ndodo yaulemu ija imene imagona patsogolo pa Sipikala, yonga imene timaiona m'nyumba za malamulo za kwathu kuno, yomwe popanda iyo nyumba singakhale pansi. Anayenda nayo kulunjika kukhomo aphungu akukuwa, mpaka ogwira ntchito m'nyumbamo anamulanda. Patapita masiku awiri, aphungu 117 a Conservative anavota kuti alibenso chikhulupiriro mwa mtsogoleri wawo, koma 200 anamusunga.

Kalekale, boma logonja ndi mavoti 230 pa mfundo yake yaikulu likanagwa usiku womwewo. Koma mawa lake, pa 16 Januwale, aphungu omwe aja amene anapha panganoli anavota kuti bomalo likhalebe, 325 kwa 306, chifukwa a Conservative ndi a DUP sankafuna kuti mtsogoleri wa Labour, a Jeremy Corbyn, alowe m'boma. Panalinso lamulo la 2011 limene linkati chisankho chamsanga chimafuna aphungu awiri mwa atatu alionse, kapena voti yapadera yochotsa boma. Choncho boma linali losatha kulamulira komanso losatha kugwa. Panganolo linabwereranso pa 12 Malichi n'kugwa ndi mavoti 149. Sipikala, a John Bercow, anakumba mwambo wa chaka cha 1604 woletsa kufunsa nyumba funso lomwelo kawiri, ndipo boma linalidula pakati panganolo kuti lilowenso. Mayi May anafika polonjeza kuti likadutsa atula pansi udindo. Pa 29 Malichi 2019, tsiku limene Britain inayenera kutuluka, linagwa kachitatu ndi mavoti 58, ngakhale kuti ulendo uno a Johnson ndi a Rees-Mogg analivotera.

M'masiku omwewo aphungu wamba analanda ndandanda ya zokambirana m'manja mwa boma kuti aone ngati pali njira ina imene ambiri angaivomere. Pa 27 Malichi anavota papepala pa njira zisanu ndi zitatu. Zonse zinagwa. Kutuluka popanda pangano kunakanidwa ndi aphungu 400. Pa 1 Epulo anayesanso zinayi, ndipo usiku umenewo ndi woyenera kuuyang'anitsitsa. Ganizo la a Kenneth Clarke, lakuti Britain ituluke koma ikhalebe mu mgwirizano wa kasitomu, linagwa ndi mavoti atatu okha, 273 kwa 276. Likanachepetsa kwambiri vuto la malire a ku Ireland. A chipani cha SNP cha ku Scotland sanavote pa ganizoli, ndipo aphungu ena ofuna riferendamu yachiwiri analikana, poopa kuti Brexit yofewa ikadutsa, mwayi wothetseratu Brexit upita. Riferendamu yachiwiriyo nayo inagwa, 280 kwa 292. Zotsatira zitawerengedwa, a Nick Boles, phungu wa Conservative amene anayesetsa miyezi yambiri kumanga njira yofanana ndi ya Norway, anaimirira mawu akunjenjemera. Anati walephera, makamaka chifukwa chipani chake chikukana kukumana ndi ena pakati, ndipo sangakhalenso m'chipanimo. Anatuluka m'nyumbamo mnzake wina akumuitana kuti asapite.

Chipani cha Labour chikanatha kutsegula njira, koma nacho chinali chong'ambika. Ovota ake ambiri ankafuna kukhalabe mu EU, pamene mipando yake yambiri inali m'madera a kumpoto ndi pakati pa England amene anavotera kutuluka. A Corbyn iwo eni anakayikira EU kwa zaka zambiri, ndipo mu 1975 anavotera kutuluka. Chipanicho chinayesa kuyankhula zokomera mbali zonse ziwiri, koma mapanga awiri avumbwitsa: a ku London anathawira kwa a Liberal Democrats ndi a Green, a m'matauni a migodi kwa a Farage. EU itawonjezera nthawi mpaka pa 31 Okutobala, Britain inakakamizika kuchita nawo chisankho cha nyumba ya malamulo ya EU pa 23 Meyi, patatha pafupifupi zaka zitatu chivotereni kutuluka. Brexit Party ya a Farage, yongokhazikitsidwa kumene, inakhala yoyamba. A Conservative anapeza 9 peresenti n'kukhala achisanu. Pa 24 Meyi, zotsatirazo zisanatuluke n'komwe, mayi May analengeza misozi ili m'maso kuti akuchoka.

Pofika nthawiyi nkhani inali itasiya kukhala ya msonkho ndi malamulo a katundu. Kafukufuku wa akatswiri a ndale ankaonetsa kuti anthu ambiri ankadzizindikira kwambiri ngati otuluka kapena okhala kusiyana ndi mmene ankadzizindikirira ndi chipani chilichonse. Anthu oposa 6 miliyoni anasayina pa intaneti pempho loti Brexit ithetsedwe. Kunja kwa nyumbayo magulu awiri ankaima tsiku ndi tsiku ndi mbendera zawo, akukuwizana. Otuluka ankatchedwa mbuli ndi atsankho, okhala ankatchedwa oukira dziko. Phungu wofuna kukumana ndi mnzake pakati ankaoneka wogulitsa kwa mbali zonse ziwiri, ndipo aphungu ambiri, makamaka amayi, ankalandira mauthenga owaopseza kuti aphedwa.

A Johnson analowa pa 24 Julayi 2019, osankhidwa ndi mamembala a chipani osakwana 200,000, atalonjeza kutuluka pa 31 Okutobala, pangano lilipo kapena palibe. Kumapeto kwa Ogasiti anapempha Mfumukazi Elizabeth kuti atseke Nyumba ya Malamulo kwa milungu isanu. Aphungu anathamanga. Pa 3 Sepitembala, a Johnson ali mkati moyankhula, phungu wawo, a Phillip Lee, anawoloka n'kukakhala pa benchi la a Liberal Democrats, ndipo boma linatha mphamvu pomwepo. Kumeneko kulibe lamulo longa Gawo 65 la ku Malawi lolanda mpando wa wowoloka. Usiku womwewo aphungu 21 a Conservative anavota ndi otsutsa kuti pakhale lamulo loletsa kutuluka popanda pangano, ndipo onse anachotsedwa m'gulu la aphungu a chipanicho. Mwa iwo munali a Clarke, phungu kuyambira 1970, a Philip Hammond, amene masabata ochepa m'mbuyomo anali nduna ya zachuma, ndi a Nicholas Soames, mdzukulu wa Winston Churchill. Patangopita masiku awiri, mng'ono wawo wa a Johnson, a Jo Johnson, anatula pansi unduna, akuti wang'ambika pakati pa banja ndi dziko.

Pa 24 Sepitembala majaji onse 11 a Supreme Court, motsogozedwa ndi Lady Hale, anagamula kuti kutseka nyumbayo kunali kosemphana ndi malamulo, ndipo kuonedwe ngati sikunachitike. Aphungu anabwerera mawa lake, ndipo tsiku limenelo ndi limene limandipweteka kwambiri m'nkhani yonseyi. A Johnson ankatcha lamulo loletsa kutuluka popanda pangano kuti ndi lamulo la kugonja. Mayi Paula Sherriff a Labour anaimirira, analoza chikumbutso cha Jo Cox chimene chili pakhoma la nyumbayo, n'kupempha nduna yaikulu kuti ifewetse mawu, chifukwa owaopseza akugwiritsa ntchito mawu omwewo. A Johnson anayankha kuti sanamvepo zachabechabe zotere m'moyo wawo. Kenako anauza phungu amene analowa pa mpando wa malemuwo kuti njira yabwino yolemekezera Jo Cox ndi kumaliza Brexit, chonsecho mayiwo anaphedwa ali pa kampeni yokhalabe.

Mfundo ya ku Ireland a Johnson anaimasula posiya limodzi mwa malonjezo atatu aja. Pa 17 Okutobala anagwirizana ndi EU kuti backstop ichoke, koma Northern Ireland yokha izitsatira malamulo a EU pa katundu, ndipo kuyendera kuzichitika pamadoko ake. Ndiye kuti chipata chinapita panyanja, chinthu chimene chaka chimodzi m'mbuyomo iwo omwe anauza msonkhano wa DUP kuti boma la Conservative silingachivomere. Aphungu anakhala pansi Loweruka pa 19 Okutobala, koyamba chiyambire nkhondo ya ku Falklands ya 1982, koma anakana kuvomereza mothamanga. Lamulo linakakamiza a Johnson kupempha nthawi ina, ndipo anatumiza kalatayo osaisayina. Pamapeto pake otsutsa, atatopa ndiponso ena akukhulupirira kuti apambana, anavomera chisankho.

Pa 12 Disembala 2019 a Conservative anapeza mipando 365, kuposa zipani zina zonse pamodzi ndi mipando 80. Uthenga wawo unali umodzi, wakuti timalize Brexit, ndipo unagwira anthu otopa a mbali zonse. Labour inapeza mipando yochepa kwambiri chiyambire 1935. Ku Bolsover, a Dennis Skinner, amene ankagwira ntchito mu mgodi wa malasha asanakhale phungu wa Labour mu 1970, anagonja kwa wa Conservative. Koma tiyenera kuona bwino masamu ake. A Conservative anapeza mavoti osakwana 44 peresenti, ndipo zipani zimene zinkalonjeza riferendamu yachiwiri kapena kuthetsa Brexit, mukaziphatikiza, zinapeza oposa theka. Kusiyana kunali kwakuti a Farage anachotsa anthu awo m'mipando 317 imene a Conservative anapambana mu 2017, mavoti a otuluka n'kusonkhana pamodzi, pamene a mbali inayo anamwazikana m'zipani zinayi kapena zisanu. M'dongosolo limene wotsogola m'dera amatenga mpando ngakhale sanafike theka, zimenezo zinali zokwanira. Dziko linali logawanikabe monga kale; chimene chinasintha ndi Nyumba ya Malamulo. Pa 20 Disembala panganolo linadutsa 358 kwa 234, ndipo pa 31 Januwale 2020, nthawi ya 11 koloko usiku, Britain inatuluka patatha zaka 47.

Amene anakana Brexit yofewa pa 1 Epulo poyembekezera kuithetseratu anapeza yolimba kuposa ya mayi May: kunja kwa msika umodzi, kunja kwa mgwirizano wa kasitomu, ndi pangano la malonda limene linamalizidwa pa 24 Disembala 2020, patatsala sabata imodzi kuti nthawi imene anapatsana ithe. A DUP, amene anakana backstop katatu, anapeza chipata cha panyanja chimene ankachiopa. Pokwiya anachoka m'boma la Northern Ireland mu Febuluwale 2022, ndipo derali linakhala zaka ziwiri lopanda boma lake, zipatala ndi masukulu zikudikira. A Rishi Sunak ali nduna yaikulu anakonza zina mwa zovutazo ndi pangano la Windsor la 2023, ndipo boma la Northern Ireland litabwerera mu Febuluwale 2024, nduna yoyamba inali mayi Michelle O'Neill a Sinn Féin, koyamba kuti wofuna Ireland mmodzi akhale pa mpandowo.

Mu Julayi 2024 a Farage analowa m'Nyumba ya Malamulo ngati phungu wa Clacton, atalephera kasanu ndi kawiri m'mbuyomo. Chisankho chomwecho chinaika pa unduna waukulu a Keir Starmer, amene mu 2019 ndiwo ankakankhira Labour ku riferendamu yachiwiri. M'malonjezo a chipani chawo a chaka chimenecho analemba kuti Britain sidzabwerera mu msika umodzi, sidzabwezeretsa kuyenda momasuka kwa anthu, ndipo sidzalowanso mu mgwirizano wa kasitomu, womwe uja unagwa ndi mavoti atatu.